MBIRI YA TULO TACILENDO

Pali mau amene amveka kawiri-kawiri m'maiko ambiri, akuti munthu agwiritsa nchito gawo limodzi lokha mwa magawo 10 a ubongo wace, ndipo magawo 9 otsalawo angokhala cigonere monga munda wosalima. Onena mauwa amaonjeza kuti iripo njira yodzutsira magawo ogonawo. Ati munthu akagonekedwa tulo tina tacilendo, tosiyana ndi tulo ta usiku, akhoza kuona zobisika, kukumbukira zonse zimene adaiwala, ndi kuphunzira wosatopa. Ciyembekezo cimeneci si ca lero ai. Cakhala cikubvutitsa madotolo, mafumu ndi oweruza milandu a ku Ulaya, ku India ndi ku America zaka zoposa 240. Anthu ena anataya naco cuma, ena anataya nchito ndi ulemu wao, koma enanso anapulumuka ku ululu waukulu. Nkhani ino ilongosola m'mene zinayambira, zimene zinapezeka zoona, ndi zimene zinapezeka zonama.

DOTOLO WA KU VIENNA

Franz Anton Mesmer anabadwa m'caka ca 1734 ku Iznang, kamudzi ka m'mbali mwa nyanja ya Constance. Anaphunzira zaudotolo ku Vienna, ndipo pomaliza maphunziro ace mu 1766 analemba kabuku konena kuti dzuwa, mwezi ndi nyenyezi zimakoka thupi la munthu monga mwezi ukoka madzi a m'nyanja yamcere. Mu 1774 anayesa kuciritsa mkazi wina wodwala nthenda yakugwa pomuika zitsulo za maginito pathupi. Mkaziyo anapezako bwino, ndipo Mesmer anaganiza kuti comuciritsa si citsulo ai, koma mphamvu ina yosaoneka yocokera m'thupi la iye mwini. Anaphunzitsa kuti mphamvuyi iyenda m'zamoyo zonse monga madzi m'ngalande, kuti nthenda iri yonse ndiyo kutsekeka kwa ngalandeyo, ndi kuti munthu wokhala nayo mphamvu yambiri akhoza kuitsegula poyendetsa manja ace pamwamba pa thupi la wodwala.

Mu 1777 anadza kwa iye ndi namwali wa zaka 18, Maria Theresia Paradis, wochuka pa kuimba piyano, amene anali wakhungu kuyambira ubwana wace. Kwa kanthawi kunamveka kuti namwaliyo wayamba kuona. Koma madotolo ena anatsutsa, makolo ace anamcotsa m'nyumba ya Mesmer, ndipo anakhalabe wakhungu kufikira imfa yace. Mbiri ya Mesmer inaipa mu Vienna, nasamukira ku Paris mu 1778.

Ku Paris odwala anaculuka kotero kuti sanathe kuwaona mmodzi-mmodzi. Tsono anapanga cibeseni cacikulu ca matabwa, cobvundikira pamwamba, naikamo madzi, mabotolo ndi tizidutswa ta citsulo. Pa cibvundikiroco panatulukira ndodo zacitsulo, ndipo odwala anali kukhala mozungulira, yense atagunditsa ndodo yace pamalo pomuwawa, onse atalumikizidwa ndi cingwe cimodzi. M'cipindamo munali kamdima ndi nyimbo zolira pansi-pansi. Polowa Mesmer ndi mwinjiro wace wa silika, ena anayamba kuseka, ena kulira, ena kugwa pansi ndi kuphiriphitha. Ndipo podzuka ambiri anati acira.

MFUMU ITUMA OFUFUZA

Mbiriyi inafika kwa mfumu Louis XVI, ndipo m'mwezi wa March 1784 mfumuyo inasankha amuna 9 kuti afufuze. Mwa iwo munali Benjamin Franklin, kazembe wa America, wodziwa za magetsi; Antoine Lavoisier, katswiri wa kusanganiza ndi kusanthula mankhwala; Jean-Sylvain Bailly, wodziwa za nyenyezi; ndi dotolo Joseph Guillotin. Amene anabvomera kuyesedwa ndiye dotolo Charles d'Eslon, wophunzira wa Mesmer.

Ofufuzawo sanataye nthawi ndi kuwerenga odwala ocira, pakuti anadziwa kuti anthu ambiri amacira okha, atamwa mankhwala kapena asanamwe. Funso lao linali lakuti: kodi mphamvuyo iripo? Ndipo anapeza njira yanzeru yoyankhira, ndiyo kubisira wodwala cimene cirikucitika. M'munda wa Franklin ku Passy, d'Eslon anathira mphamvu yace mumtengo umodzi wa zipatso. Pamenepo anadza ndi mnyamata wa zaka 12 womangidwa nsalu kumaso, namfikitsa ku mitengo ina inai, umodzi-umodzi, yonse yosakhudzidwa ndi d'Eslon. Pa mtengo woyamba mnyamatayo anatuluka thukuta ndi kutsokomola, pa yotsatira anati mutu ulikumuwawa, ndipo pa wacinai anakomoka, mtengo weni-weniwo uli patali.

Tsiku lina, kunyumba ya Lavoisier, anapatsa mkazi wina zikho za madzi motsatizana, cimodzi cokha ciri cothiridwa mphamvu. Mkaziyo anagwa ndi cikho ca madzi wamba. Atatsitsimuka anapempha madzi akumwa, ndipo anampatsa cikho cothiridwa mphamvu cija osamuuza. Anamwa bwino-bwino, nati mtima wakhala pansi.

Mu August 1784 ofufuzawo analembera mfumu kuti mphamvu ya Mesmer kulibe, ndi kuti cogwetsa odwala ndico maganizo ao eni ndi kutsanzirana. Njira imene anayesa nayo yakhala cuma ca dziko lonse, pakuti kufikira lero mankhwala atsopano amayesedwa motero: odwala ena alandira mankhwala eni-eni, ena alandira ofanana nao maonekedwe okha, ndipo palibe wodziwa amene walandira. Koma funso limodzi linatsala losayankhidwa. Ngati maganizo okha akhoza kukomola mnyamata wamoyo wabwino, nanga akhozanso kucita ciani?

WANCHITO WA KU BUZANCY

Caka comweco, pa mudzi wa Buzancy pafupi ndi Soissons, mwini malo wina wolemera, Marquis de Puységur, amene adaphunzira kwa Mesmer, anayesa luso lace pa mnyamata wa zaka 23 wa pa malo acewo, dzina lace Victor Race, amene anali kudwala cifuwa. Puységur anali kuyembekeza kuti mnyamatayo aphiriphitha monga odwala a ku Paris. Koma Victor anagona tulo tacete, ndipo ali m'tulomo anayamba kulankhula ndi kuyankha mafunso. Cimene cinadabwitsa mbuye wace ndi ici: Victor wa masiku onse anali wamanyazi, wosowa mau pamaso pa akulu, koma Victor wa m'tulo analankhula momasuka ndi mwanzeru, naulula zobvuta za kubanja kwao, nalongosola za nthenda yace ndi m'mene idzathere. Atadzuka sanakumbukire kanthu.

Apa ndipo panabadwira ganizo lakuti m'kati mwa munthu ali yense mwabisala munthu wina wanzeru zopambana, amene angodikira kuti amtsegulire khomo. Kumasulira kwina kwapafupi kunalipo, kwakuti wanchito wokhala cete pamaso pa mbuye wace sali wopanda nzeru, koma mantha ndiwo ammanga lilime, ndipo mantha akacoka nzeru zace zimveka. Koma anthu anakonda kumasulira kodabwitsa. Posacedwa m'mizinda ya France ndi Germany munadzala ogonekedwa onena kuti akhoza kuona m'kati mwa thupi la wodwala, kuwerenga kalata yomata, ngakhale kuona ndi nsonga za zala.

Mmodzi amene anaona bwino ndiye wansembe wocokera ku Goa, m'dziko la India, dzina lace José Custódio de Faria. Mu 1813 anayamba kuonetsa anthu a ku Paris kuti cibeseni ndi kuyendetsa manja nzosafunika. Anali kukhazika munthu pampando, namuuza kuti atsinzine ndi kuika mtima pa tulo, ndipo mwadzidzidzi anamlamula ndi mau amodzi kuti agone. Faria anati mphamvu siiri mwa wogoneka koma mwa wogonekedwayo. Anthu anamseka, ndipo anamwalira wosauka mu 1819, koma zaka zam'tsogolo zinamcitira umboni.

MPHOTHO YOSOWA MWINI

Za kuona popanda maso zinayesedwa poyera. Mu 1837 dotolo Burdin wa bungwe la madotolo a ku France anaika mafranki 3,000 kuti akhale mphotho ya munthu ali yense wokhoza kuwerenga malemba popanda kuwaona ndi maso. Anabwera angapo, koma ataphimbidwa kumaso mosasiya kampata ka m'mbali mwa mphuno, kapena malembawo atatsekeredwa m'bokosi, analephera onse. Mphothoyo inasowa mwini, ndipo mu 1840 bungwelo linati silidzamveranso nkhani zotere.

Ku London, dotolo wochuka John Elliotson wa ku University College Hospital anali kuonetsa atsikana awiri apacibale, a banja la Okey, nanena kuti citsulo ca nickel cothiridwa mphamvu cimawagwetsa, koma mtobvu suwagwetsa. Mu 1838 Thomas Wakley, mkonzi wa nyuzipepala ya madotolo yochedwa Lancet, anasinthanitsa zitsulozo mobisa, ndipo mtsikana anagwa ndi citsulo colakwika, monga mnyamata uja wa ku Passy. Akulu a cipatala analetsa zogoneka anthu, ndipo kumapeto a caka comweco Elliotson anatula pansi nchito yace.

MPENI WOPANDA ULULU

Pamene ambiri anali kuthamangira zodabwitsa, cinthu coona cinali kuoneka pamalo ena, ndipo ndi patebulo la dotolo wa mpeni. Masiku amenewo kunalibe mankhwala okomola. Munthu wofunika kumdula mwendo anali kumgwira amuna amphamvu, dotolo naceka msanga m'mene angathere, wodwalayo ali maso ndi kupfuula. Ambiri anasankha kufa ndi nthenda yao koposa kugona patebulopo.

Mu 1829 dotolo Jules Cloquet wa ku Paris anacotsa bere lodwala la mai wina wogonekedwa tulo ta Mesmer, maiyo nalankhula naye modekha nchito iri m'kati. Mu 1842, m'cigawo ca Nottinghamshire ku England, dotolo Ward anadula mwendo wa munthu wina waganyu wogonekedwa motero, ndipo munthuyo anangobuula pang'ono. Nkhaniyi itawerengedwa pamaso pa madotolo a ku London, ena anati waganyuyo anali kunamizira. Sanathe kufotokoza cimene munthu wosauka angapindule pakubisa ululu wa kudulidwa mwendo. Ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula citseko.

Nchito yaikulu inacitika ku India. James Esdaile, dotolo wa ku Scotland wobadwa mu 1808, anali kuyang'anira cipatala ca ku Hooghly m'dziko la Bengal. Pa 4 April 1845 anali ndi wandende wina amene anali kumva ululu woopsa, ndipo ngakhale anali asanaonepo munthu akugonekedwa, anayesa monga adawerengera. Patapita nthawi yaitali wandendeyo anakhala cete, ndipo pomlasa ndi singano sanagwedezeke. Kuyambira pamenepo Esdaile anaphunzitsa anyamata a Ciindiya ogwira nchito m'cipatalamo, ndipo ndiwo amene anasenza nchito yeni-yeni ya kugoneka. Wodwala anali kugona m'cipinda camdima, mnyamata nakhala kumutu kwace, nayendetsa manja pamwamba pa thupi lace ndi kumuuzira mpweya pang'ono-pang'ono, ola lathunthu kapena maola angapo, nthawi zina masiku otsatizana, kufikira wodwalayo atasiya kumva singano.

M'dzikomo munali amuna ambiri odwala zotupa zazikulu za kumaliseche, cimodzi ca zimene Esdaile anacotsa cinalemera mapaundi 80. Buku lace la mu 1846 linalongosola maopareshoni 73, ndipo pocoka ku India mu 1851 anali atacita akulu-akulu oposa 250. Boma la Bengal linatuma akulu kukaona, ndipo linampatsa kacipatala ku Calcutta kuti apitirize kuyesa. Si odwala onse amene anagona, ndipo ena anaoneka akukwinya nkhope pansi pa mpeni ngakhale podzuka anati sanamve kanthu. Komabe anthu anali kudza okha kucokera kutali, atamva kwa anzao ocira.

Koma nchitoyi inafika mocedwa. Pa 16 October 1846, ku Boston m'dziko la America, wozula mano William Morton anakomola wodwala ndi mpweya wa ether. Pa 21 December caka comweco Robert Liston anadula mwendo wa munthu wokomoledwa ndi ether m'cipatala comwe cija adacokamo Elliotson, ndipo mu 1847 James Simpson wa ku Edinburgh anayamba kugwiritsa nchito chloroform. Mankhwalawa anali kugwira munthu ali yense m'mphindi zowerengeka, wokhulupirira ndi wosakhulupirira yemwe. Njira ya Esdaile inaiwalika zaka zambiri.

DZINA LATSOPANO

Mu November 1841 dotolo James Braid wa ku Manchester anapita kukaonerera wogoneka anthu wina, Charles Lafontaine, ali ndi mtima wofuna kugwira cinyengo. Zambiri sanazikhulupirire, koma anaona kuti wogonekedwayo analepheradi kutsegula maso. Atabwerera kwao anayesa pa mkazi wace, bwenzi lace ndi wanchito wace, powauza kuti ayang'anitsitse cinthu cimodzi osaphethira, ndipo onse anagwa m'tulo tomwe tija, popanda kuyendetsa manja. M'buku lace la mu 1843 anafalitsa dzina lakuti hypnotism, locokera ku mau a Cigriki otanthauza tulo. Pambuyo pace anazindikira kuti dzinali nlosoceretsa, pakuti munthuyo sagona konse, koma maganizo ace onse asonkhana pa cinthu cimodzi, zina zonse nizizimirira. Anafuna kulisintha, koma linali litamera kale mizu.

Ku Nancy, m'dziko la France, dotolo wa kumidzi Ambroise Liébeault anali kugoneka anthu osauka kwaulere ndi mau okha. Mu 1882 mphunzitsi wa zaudotolo Hippolyte Bernheim anapita kukamuona, nakhala wophunzira wace. Caka comweco Jean-Martin Charcot wa ku cipatala ca Salpêtrière ku Paris anaphunzitsa kuti tuloti ndi cizindikiro ca nthenda ya mitsempha. A ku Nancy anatsutsa, nati anthu amoyo wabwino amagonekekanso, ndi kuti gwero la zonse ndi mau olowa mumtima mwa munthu woyembekeza. Mlanduwu unakomera a ku Nancy. Bernheim anaonanso cinthu cina coopsa: anakhoza kuuza wogonekedwa kuti adaona zakuti-zakuti, zimene sizinacitike konse, ndipo munthuyo podzuka anali wokonzeka kulumbira kuti adazionadi. Cenjezo limeneli linaiwalika, ndipo anthu analipira pambuyo pace.

MAFUNDE A M'MUTU

Hans Berger, wa ku Germany, ali msirikali wacinyamata anagwa pa kavalo patsogolo pa akavalo okoka mzinga, napulumuka mwamwai. Tsiku lomwelo mlongo wace, ali kutali, anagwidwa ndi nkhawa, naumiriza atate wao kuti atumize lamya yofunsa za moyo wace. Berger anakhulupirira kuti mantha ace anauluka kukafika kwa mlongo waceyo, ndipo anapereka moyo wace ku nchito yofuna mphamvu yonyamula maganizo. Anakhala dotolo ku Jena, nayesa zaka zambiri mwakacetecete, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mu July 1924 anakhoza kulemba papepala timagetsi tating'ono ta ubongo wa munthu, ndipo anadikira kufikira 1929 asanaulutse zimene anapeza. Anzace anakaika, kufikira Edgar Adrian ndi Bryan Matthews a ku Cambridge anatsimikiza mu 1934.

Berger sanapeze njira ya maganizo ouluka, koma anapeza cina ca mtengo wapatali. Munthu akakhala phee atatsinzina, timagetsito tikwera ndi kutsika monga mafunde, kakhumi pa sekondi imodzi. Awa anawacha mafunde a alpha. Akatsegula maso mafundewo aphwanyika, ndipo akagona tulo tatikulu pabwera ena akulu oyenda pang'ono-pang'ono. Makina acewo, ochedwa EEG, athandiza madotolo kufikira lero kuzindikira khunyu. Anaonetsanso kuti Braid adanena zoona: mafunde a munthu wogonekedwa afanana ndi a munthu ali maso, osati a munthu wam'tulo.

Makina omwewo anaweruza milandu ina iwiri. Kuyambira 1927 ku New York kunali kugulitsidwa makina olankhula pansi pa mtsamiro, akuti munthu aphunzire ali m'tulo. Mu 1956 Charles Simon ndi William Emmons anawerengera anthu ogona mafunso ndi mayankho ace, akuyang'ana mafunde a m'mutu mwao. Kutaca anthuwo anakumbukira zokha zimene anamva pamene mafunde anasonyeza kuti anali asanagone kapena anali atadzidzimuka. Zonenedwa iwo ali m'tulo teni-teni sanazikumbukire.

Pambuyo pace Joe Kamiya, amene anayamba kuyesa ku Chicago mu 1958, anaonetsa kuti munthu akhoza kuphunzira kuculukitsa mafunde ace a alpha ngati makina amlizira kabelu pamene mafundewo abwera. Nkhani yace itafalitsidwa mu 1968, amalonda anayamba kugulitsa timabokosi tolonjeza mtendere wa mumtima ndi nzeru zatsopano. Cinali cikomekome ca mkuyu. Ofufuza a m'zaka za m'ma 1970 anapeza kuti mafundewo aculuka makamaka pamene maso aleka kuyang'anitsitsa, ndi kuti mtendere umene anthu anaumva unatsata zimene adauzidwa kuti adzamva, mafunde ataculuka kapena asanaculuke.

MBONI YOGONEKEDWA

Lonjezo limene linabvulaza anthu koposa ndi la kukumbukira. Mu 1952, ku Colorado, munthu wamalonda Morey Bernstein anagoneka mai wina, ndipo maiyo anayamba kusimba kuti kale adakhalapo ndi moyo wina ku Ireland, dzina lace Bridey Murphy. Buku la nkhaniyi linatuluka mu 1956, niligulidwa kwambiri. Atolankhani anapita ku Ireland osapeza kalata ya kubadwa kapena ya imfa ya munthu wotere. Koma ku Chicago, kumene maiyo anakulira, kunapezeka kuti pafupi ndi kwao kunali kukhala mkazi wa dzina lofanana nalo.

Mu July 1976, ku Chowchilla m'cigawo ca California, acifwamba anaba basi ya sukulu ndi ana 26, nawakwirira m'cigalimoto pansi pa nthaka pa malo okumba miyala. Onse anapulumuka, ndipo woyendetsa basiyo atagonekedwa anachula manambala a galimoto ya acifwambawo, kuphonya imodzi yokha. Ngakhale apolisi anali ndi zizindikiro zinanso, pakuti malo okumba miyalawo anali a atate wa mmodzi wa acifwambawo, mbiri imene inawanda ndi ya kugonekako. Apolisi ambiri a ku America anayamba kugoneka mboni zao.

Tsono cenjezo la Bernheim linakumbukika. Mu 1983, ku Montreal, Jean-Roch Laurence ndi Campbell Perry anagoneka anthu 27, nawauza kuti usiku wina wa sabata lapitalo adadzidzimuka ndi phokoso lalikulu, cinthu cimene sicinacitike. Atadzuka, 13 mwa iwo anati phokosolo analimvadi, ndipo ena anaumirirabe ngakhale atauzidwa kuti mauwo anacita kuwaikira. Cifukwa cace nciti? Ubongo susunga zakale monga cimanga m'nkhokwe, kuti munthu akatapemo comwe adaikamo. Pokumbukira, munthu amamanganso nkhaniyo ndi zidutswa, ndipo pamene pasowa cidutswa alowetsapo cina. Kugonekedwa kuculukitsa zimene munthu anena, zoona ndi zonama pamodzi, ndiponso kumlimbitsa mtima pa zonsezo. Mboni yotere sinama dala, ndipo cifukwa ca ico njoopsa koposa wabodza, pakuti ikhoza kumangitsa munthu wosalakwa ndi nkhope yoona. Mu 1985 bungwe la madotolo a ku America linanena kuti zokumbukira za munthu wogonekedwa nzosadalirika, ndipo mabwalo a milandu ambiri analetsa kapena kucepetsa umboni wotere.

ZIMENE ZINATSALA M'LICERO

Atapeta zonsezi, kodi m'licero munatsala ciani? Clark Hull wa ku Yale, m'buku lace la mu 1933, anayerekeza anthu ogonekedwa ndi osagonekedwa pa nchito zofanana, napeza kuti kugonekedwa sikupatsa munthu nyonga kapena nzeru zoposa zimene ali nazo kale. Mu 1959 André Weitzenhoffer ndi Ernest Hilgard a ku Stanford anakonza muyeso wa zoyesa 12, ndipo unaonetsa kuti anthu asiyana: mwa anthu 100, monga 10 kapena 15 agonekeka kwambiri, ena owerengeka sagonekeka konse, ndipo oculuka ali pakati. Faria adanena zoona, kuti luso liri mwa wogonekedwa.

Za ululu zinatsimikizika. Mu 1955 bungwe la madotolo a ku Britain linabvomereza kugoneka monga njira yothandizira odwala ena. Mu 1997 Pierre Rainville ndi anzace ku Montreal anabviika manja a anthu ogonekedwa m'madzi otentha a madigri 47, akujambula ubongo wao. Powauza kuti kutenthako sikudzawasautsa, mbali ya ubongo yozindikira pamene pakutentha inagwirabe nchito monga kale, koma mbali ina, yokhudzana ndi kusautsika, inatsika. Apa panaoneka tanthauzo la odwala a Esdaile aja: ululu uli ndi mbali ziwiri, kumva ndi kusautsika, ndipo mau akhoza kufika pa mbali yaciwiriyo. Mu 2000 Elvira Lang anayesa pa odwala 241, napeza kuti ogonekedwa anafuna mankhwala a ululu ocepa, ndipo nchito ya madotolo inatha msanga. Ku Liège, m'dziko la Belgium, kuyambira 1992 odwala zikwi acitidwa opareshoni atagonekedwa motere, pamodzi ndi mankhwala ocititsa dzanzi pamalo poceka.

Mau aja a magawo 10 alibe maziko. Makina ojambula ubongo aonetsa kuti mbali zace zonse ziri ndi nchito, ngakhale munthu ali m'tulo, ndipo madotolo adziwa kuti kabala kakang'ono m'ubongo kakhoza kulanda munthu mau, maso kapena dzanja. Ubongo ulemera monga magawo 2 mwa 100 a thupi lonse, koma udya monga magawo 20 mwa 100 a mphamvu imene thupi litenga m'cakudya. Munda wogonera sudya mbeu yotere.

Cifukwa cace munthu akamva za wina wolonjeza kumtsegulira nzeru zobisika, kumkumbutsa zimene sadazidziwe, kapena kumphunzitsa ali m'tulo, pomlipiritsa ndalama, ayenera kufunsa funso lomwe anafunsa akulu aja m'munda wa ku Passy mu 1784: kodi cinthuci cicitikabe pamene woyesedwayo sadziwa mtengo umene wathiridwa mphamvu? Za kuona popanda maso, za kuphunzira m'tulo ndi za kukumbukira kosalakwa zinagwa pa funso limeneli. Za kucepetsa ululu zinayesedwa kawiri-kawiri nizikhalabe ciriri, ndipo malo ace ndi m'cipatala, m'manja mwa dotolo wophunzira amene ayamba wapima nthenda asanayese kutonthoza ululu wace.